Pangano Lopanda Tsiku: Kodi Katundu Abwere Liti?

Alimi ndi asodzi a ku Makuzi, Bandawe ndi madera onse ozungulira Chintheche, phunziro lathu sabata ino ndi la mlandu umene umadanitsa abale. Munthu wapereka ndalama kuti amusemere bwato, kapena kuti alandire matumba a chinangwa chouma kaya zidebe za usipa. Mtengo agwirizana, koma tsiku sanatchule. Miyezi yapita, katundu sakuoneka. Wogula akuti wamubera, wogulitsa akuti sanakane, adzapereka. Wolakwa ndani?

Funsoli si la lero. Aroma akale adalimbana nalo, ndipo mayankho a akatswiri awo a malamulo ali m'buku lotchedwa Digest, limene mfumu Justinian idatulutsa m'chaka cha 533.

Lamulo loyamba

Katswiri wina, Pomponius, adaphunzitsa kuti ngati tsiku silidatchulidwe, ngongole ndi yoyenera kubwezedwa nthawi yomweyo. Mukakongola ndalama osanena tsiku lobweza, mwini wake akhoza kuitanitsa mawa lomwe. Kusatchula tsiku si chilolezo chozengereza.

Lamulo lachiwiri

Wina, Paulus, adaona kuti zinthu zina zimabwera ndi nthawi yakeyake. Wolonjeza zokolola zimene zikadali m'munda sangakakamizidwe zisanakhwime. Kwathu kuno chinangwa chimatha chaka kapena kuposerapo chili m'nthaka. Amene wagula chinangwa chongobzala kumene wavomerezanso kudikira, ngakhale sadanene ndi pakamwa.

Lamulo lachitatu

Venuleius adapereka chitsanzo cha munthu amene walonjeza ali ku Rome kuti akapereka ndalama ku Ephesus, tsidya la nyanja. Munthuyo apatsidwe nthawi ya ulendo. Sakakamizidwa kuyenda usana ndi usiku kapena kulowa m'namondwe, komanso asayende ngati wokacheza. Woweruza ayang'ane nyengo, msinkhu ndi thanzi la munthuyo, ndi kufunsa kuti munthu wakhama akadafika liti. Womanga nyumba nayenso chimodzimodzi: sayenera kusonkhanitsa amisiri a dziko lonse, koma asangoika mmodzi kapena awiri pa ntchito yaikulu.

Msodzi aliyense akumva bwino apa. Mwera ukalimba m'miyezi ya June ndi July, bwato silipita kutali. Mwezi ukawala, usipa subwera ku nyali. Wogula sanganene kuti msodzi waswa pangano chifukwa cha masiku oterewa. Koma nyanja ikachita bata, mdima wabwerera, anzake onse akuyanika usipa pa thandala, iye alibenso chonamizira.

Nanga malamulo athu akuti chiyani?

Lamulo la dziko lino la kugula ndi kugulitsa katundu, Sale of Goods Act, lidachokera ku lamulo la ku England la 1893, osati ku Rome mwachindunji, koma nzeru yake ndi yomweyo. Ngati wogulitsa ayenera kutumiza katundu ndipo tsiku silidatchulidwe, atumize m'nthawi yoyenera. Nthawi yoyenerayo khoti limayeza poona mtundu wa katundu, mtunda ndi nyengo. Usipa wopita ku Mzuzu sungadikire ngati bwato limene mtengo wake sunadulidwe. Lamulo lomweli likuti ngati simudagwirizane zina, ndalama ndi katundu zimasinthana nthawi imodzi.

Dziwaninso ichi. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma kukhoti mlandu wa pangano wamba umawola. Lamulo la Limitation Act limapereka zaka 6 kuchokera pamene pangano lidasweka.

Zoyenera kuchita

1. Tchulani tsiku. Ngati nkovuta, tchulani chizindikiro chodziwika kwa onse, monga pakutha pa mwera kapena mukakolola mpunga.

2. Lembani pa pepala kapena m'kope, aliyense asaine, pakhale mboni ziwiri.

3. Musapereke ndalama zonse poyamba. Perekani gawo, zotsalazo polandira katundu.

4. Mnzanu akachedwa, pitani ndi mboni mukamupatse tsiku lomaliza lokwanira bwino ntchitoyo. Likadutsa, mlandu wanu wayera pamaso pa anyakwawa kapena majisitireti.

5. Inu wolonjeza, mukaona kuti mvula, mphepo kapena matenda akuchedwetsani, kanenerenitu tsiku lisanafike.

Mawu awiri okha, "ndipereka liti", amapulumutsa ndalama ndi chibale chomwe. Afunseni musanatulutse ndalama m'thumba.