Kodi mwana wathu akhale kuti? Zimene namwino amaunika asanalangize banja

Kapepala aka ndi ka mabanja a m'boma la Mchinji amene akulera mwana, kapena kusunga munthu wamkulu, yemwe ubongo wake sunakule monga mmene umakulira wa anzake. Ena mwa iwo anachedwa kukhala pansi, kuyenda kapena kuyankhula. Ena ziwalo zawo n'zolobodoka, ena n'zolimba gwa. Alipo oyenda bwinobwino koma kuphunzira kumawavuta, ndalama sazidziwa, choopsa sachizindikira. Aliponso osafuna kuyang'ana munthu kumaso, obwereza chinthu chimodzimodzi tsiku lonse, amene phokoso limawasautsa kwambiri.

Banja lotere limafika tsiku lofunsana kuti: "Kodi tipitiriza kumusunga pano? Tikamusiye kwa agogo ake? Kulibe kumene amasunga ana otere?" Funsoli si lochititsa manyazi. Limabwera chifukwa cha kutopa, ndipo mayi amene wabereka kumbuyo mwana wa zaka 9 kupita naye ku chigayo ndi ku mjigo watopadi. Pempho lathu n'lakuti musaligamule nokha mtima uli m'mwamba. Kaonaneni kaye ndi namwino, aunike munthuyo, aunikenso pakhomo panu.

Si ufiti, si misala

Ulumali umenewu uli ndi magwero odziwika. Mwana akabanika pobadwa n'kuchedwa kulira, ubongo umasowa mpweya. Chikasu chachikulu m'masiku oyamba, kubadwa masiku asanakwane, malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kunyentchera, mowa umene mayi amamwa ali woyembekezera, kusowa kwa mchere wa ayodini m'zakudya: zonsezi zimatha kuvulaza ubongo. Ena, monga amene ali ndi Down syndrome, amakhala otero kuyambira m'mimba popanda wolakwa aliyense.

Timamva m'midzi anthu akunong'onezana kuti bambo anamukhwimira mwana kuti fodya ayende bwino ku okushoni, kapena kuti mayi anachita zosayenera ali ndi pakati. Nkhani zimenezi zapasula maukwati ambiri. Kumene kuli chikamwini, bambo amangonyamula kachikwama kake n'kubwerera kwawo, mayi n'kutsala ndi katundu yense. Abambo, mwanayo ndi wanu, ndipo tsiku lokaonana ndi namwino mukakhalepo.

Dziwaninso kuti ulumali wa ubongo ndi wosiyana ndi matenda a misala. Chipatala cha Zomba Mental, chomwe chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pa boma la Mchinji, chimagoneka anthu odwala maganizo kuti alandire mankhwala, akapeza bwino abwerere kwawo. Si malo osiyirako mwana wochedwa kuyankhula. Palibe jekeseni kapena mtsitsi wochotsa ulumali. Chimene chilipo ndi kuphunzitsa, mafizo, chakudya chabwino ndi kuchiza matenda obwera pambali, makamaka khunyu, ndipo zimenezi zimasinthadi moyo wa munthu zikayambika msanga.

Musadikire kuti "ayenda yekha"

Kanenani ku sikelo ngati mwana sakulimba khosi pa miyezi 4 kapena 5, sakukhala pansi yekha pa miyezi 9, sakuyenda pa chaka ndi theka, kapena sakutchula mawu omveka pa zaka 2. Chimodzimodzi ngati satembenuka mukamuitana, amatsamwa nthawi zonse poyamwa, kapena wasiya kuchita zimene ankachita atadwala malungo aakulu. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angathe kukulozerani koyambira, kaya ndi ku Mkanda, Kochilira, Nkhwazi, Tembwe, Mikundi, kapena ku zipatala za mishoni za Kapiri, Ludzi ndi Guillime. Zimene sangazithe kumeneko amatumiza ku chipatala chachikulu cha pa boma, ndipo zofuna akatswiri zimapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Zimene namwino adzafunsa

Ntchito younika kumene munthu waulumali angasamalidwe bwino si ya mphindi zisanu, ndipo nthawi zina siitha tsiku limodzi. Namwino amayamba ndi mbiri. Mimba inayenda bwanji? Munachilira kuti? Mwana analira nthawi yomweyo? Anagonekedwapo? Amakomoka? N'chifukwa chake buku la kuchipatala, ngakhale long'ambika, ndi lofunika kulitenga.

Kenako amaona zimene munthuyo amatha, osati zimene amalephera zokha. Angaike kamwala kapena njere ya chimanga patsogolo pa mwana kuti aone ngati atole ndi zala ziwiri. Angaombe m'manja kumbuyo kwake, angamuuze kuti "tenga kapu upatse amayi". Kuno ku Malawi kunapangidwa ndondomeko yathuyathu yoyezera kakulidwe ka ana yotchedwa MDAT, yomwe inasindikizidwa mu 2010. Imayang'ana mbali zinayi: kuyenda ndi kukhala, kugwiritsa ntchito manja, kuyankhula, ndi kukhala ndi anthu. Ubwino wake ndi wakuti mwana amayezedwa ndi zinthu zimene amaziona pakhomo, osati zidole zachilendo zimene sanazigwirepo. Kwa munthu wamkulu mafunso amasintha: amadya yekha? Amasamba, kuvala ndi kupita kuchimbudzi yekha? Angasiyidwe pafupi ndi moto? Angatumidwe ku golosale? Iye mwini akufuna kukhala kuti? Funso lomalizali limaiwalika kawirikawiri, pamene ambiri mwa iwo amatha kuyankha, kaya ndi pakamwa, kaya ndi nkhope.

Gawo lachitatu ndi lomwe mabanja amadabwa nalo, chifukwa namwino amatembenukira kwa wosamalira. Kodi inu mumagona? Msana ukupweteka? Mukapita kumunda amatsala ndi yani? Chakudya chimafika mwezi uti? Alipo pakhomo womwa mowa n'kumamenya? Mafunso amenewa si ofuna kukupezani chifukwa. Agogo a zaka 70 sangakweze mnyamata wa zaka 15 kupita naye kubafa, ngakhale atamukonda chotani. Mtsikana wa Sitandade 6 amene wasiya sukulu kuti azilera mlongo wake nayenso ndi mwana wofuna kutetezedwa. Yankhani zoona. Ngati mumamutsekera m'nyumba popita kukapalira mtedza, nenani. Ngati tsiku lina munamumanga chingwe chifukwa amathawira ku msewu, nenaninso. Namwino sangathandize pa chimene sanauzidwe.

Zonse zikaunikidwa, namwino sagamula yekha. Amakhala pansi ndi banja, dokotala, a mafizo, aphunzitsi ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya pa boma, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe m'buku, pamodzi ndi tsiku lodzaonananso.

Malo amene angasankhidwe

Kwa anthu ambiri malo abwino ndi kwawo, pakati pa abale, koma banja likhale lothandizidwa. Tikunena izi osati chifukwa chakuti malo osungirako anthu ndi ochepa chabe. Mwana amaphunzira kuyankhula pomva anthu akumuyankhula, amaphunzira kudya poona anzake akudya, ndipo wosatha kunena pamene pakumupweteka amatetezeka akakhala ndi munthu womudziwa kulira kwake. Dziko la Malawi linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe limati munthu waulumali ali ndi ufulu wokhala m'mudzi monga wina aliyense. Lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la 2012, ndi limene linasintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA.

Kukhala pakhomo sikutanthauza kubindikira m'nyumba. Mwana wamng'ono apite ku sukulu ya mkombaphala. Wamkulupo alembetsedwe ku pulayimale, ndipo funsani kwa aphunzitsi aakulu kapena mlangizi wa sukulu za m'dera kumene kuli mphunzitsi wa ana ofuna chithandizo chapadera. Aphunzitsi otere amasulidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Ngakhale asadziwe kulemba, akaphunzira kupereka moni, kudikira nthawi yake ndi kusamba m'manja, wapindula. Wamkulu apatsidwe ntchito yomwe angathe: kutongola chimanga, kuswa mtedza, kuthirira ku dimba, kudyetsa nkhuku.

Kugonekedwa m'chipatala kumafunika pamene munthu wanyentchera kwambiri, akukomoka mosalekeza, wapsa ndi moto, ali ndi zilonda zogonera, kapena khalidwe lake lasintha mwadzidzidzi moti angadzivulaze. Kumeneko n'kwa kanthawi, ndipo tsiku lolowa muyambe kale kufunsa za tsiku lotuluka. Onaninso ichi: munthu wosayankhula akayamba ukali wachilendo, nthawi zambiri pali chimene chikumupweteka, monga dzino, khutu kapena kudzimbidwa. Ayezedwe thupi asanapatsidwe mankhwala ogonetsa.

Kupita kwa wachibale wina n'kotheka ngati wachibaleyo wavomera ndi mtima wonse, ali ndi mphamvu, ndipo makolo apitiriza kuthandiza. Nyumba zosungira ana zibwere pamapeto penipeni, pamene mwana ali pa chiopsezo ndipo palibe wachibale woyenera. Malinga ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, nkhani yotere imadzera ku ofesi ya chisamaliro cha anthu ndi ku khoti la ana. Musapereke mwana kwa munthu wongobwera ndi galimoto n'kulonjeza kuti akamusunga ku Lilongwe kapena kutsidya kwa malire.

Zitatu zofunika kuzidziwa pakhomo

Podyetsa mwana wolobodoka, musamugoneke chagada. Mukhazikeni tsonga pamiyendo panu kapena pakona ya nyumba, mutamutchinjiriza ndi nsalu zopinda, chibwano chitaweramira pang'ono pachifuwa. Phala likhale lolimbirako, lothira nsinjiro kapena soya, chifukwa lamadzimadzi ndi limene limalowera ku mapapo n'kuyambitsa chibayo. Mpatseni pang'onopang'ono ndi kasupuni, mudikire ameze musanawonjezere. Akatsokomola, imani. Kudya kungatenge theka la ola kapena kuposa. Uzanani pakhomo kuti wina azilandira mnzake.

Wakhunyu akagwa, chotsani moto, madzi ndi zinthu zakuthwa, ikani chitenje pansi pa mutu, ndipo kugwedezeka kukatha mugonekeni chammbali. Musaike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu. Khunyu sapatsirana, kaya ndi malovu kaya ndi mpweya, choncho musaope kumugwira. Kukomoka kukapitirira mphindi 5 kapena kukabwerezabwereza, thamangirani kuchipatala. Mankhwala monga phenobarbitone ndi carbamazepine amamwa tsiku lililonse, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa.

Chachitatu n'chowawa kuchinena. Atsikana ndi amayi aulumali wa ubongo amagwiriridwa, kawirikawiri ndi anthu odziwika pakhomo, chifukwa ochita zoipawo amadziwa kuti sakanena kapena sakakhulupiriridwa. Anyamata nawonso zimawachitikira. Mukaona magazi, kuopa munthu wina mwadzidzidzi kapena kusiya kusamba, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Nkhaniyi si yokambirana pansi pa mtengo n'kulipitsana mbuzi. Ndi ya ku polisi, ku Victim Support Unit.

Za kumalire ndi za ndalama

Ambiri kuno tili ndi abale ku Chipata, ku Katete ndi mbali ya Mozambique, ndipo timadutsa pa Mwami kapena njira za m'midzi kupita ku maliro, ku geni, ku Kulamba. Mukatenga wodwala khunyu, tengani buku lake ndi mankhwala okwanira masiku onse. Musalandire mankhwala mbali zonse ziwiri osauza achipatala, chifukwa mankhwala amodzi amatha kukhala ndi mayina awiri ndipo mungamumwetse kawiri. Amene mukusamukira ku esiteti kukagwira ntchito ya fodya, dzerani kaye kuchipatala mupemphe kalata yokaonetsa kumene mukupita.

Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa omwe alibe wogwira ntchito, inayambira kuno ku Mchinji mu 2006 isanafalikire dziko lonse. Si banja lililonse la munthu waulumali limene limalowa, koma dziwitsani amfumu ndi komiti ya m'mudzi za momwe mulili kuti kalembera akamachitika musadumphidwe. Bungwe la makolo a ana aulumali la PODCAM ndi la FEDOMA ndi ena mwa amene amayankhulira mabanja otere. Ngakhale popanda bungwe, amayi anayi kapena asanu a mudzi umodzi angathe kusinthana: mmodzi atsale ndi ana, enawo apite kumunda, mawa wina. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa achinyamata a m'nyumba muno

Ngati mwakula mukudyetsa, kusambitsa ndi kutanthauzira m'bale wanu wosayankhula, muli kale ndi diso limene ntchito ya unamwino imafuna. Limbikirani Chingelezi, masamu ndi maphunziro a sayansi kuti mudzakhoze bwino MSCE. Digiri ya unamwino ndi ya zaka 4, monga ku Kamuzu University of Health Sciences kapena ku Mzuzu University. Dipuloma ya unamwino ndi uzamba ndi ya zaka 3, ku Malawi College of Health Sciences ndi m'makoleji a CHAM monga Nkhoma. Ofuna kuzama pa za maganizo ndi ubongo amakapitiriza maphunziro ku St John of God ku Mzuzu. Musanalipire fizi kulikonse, tsimikizani kuti kolejiyo ndi yovomerezedwa ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, chifukwa popanda kulembetsa kumeneko simungagwire ntchito.

Popita kukaonana ndi namwino

Tengani munthu mwiniwakeyo, buku lake la kuchipatala, mankhwala onse amene akumwa, a kwa asing'anga omwe, ndi munthu amene amakhala naye nthawi zambiri. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani kukomoka kapena khalidwe limene likukudetsani nkhawa kuti mukaonetse. Malangizo a zaumoyo mungawapeze kwaulere poimbira Chipatala cha pa Foni. Za nkhanza kwa ana imbani 116.