Makalata a Omvera: Sukulu ndi Ntchito ku Zambia

Kalata iyi yachokera kwa achemwali athu a ku Mchinji omwe akuphunzira pa University of Lusaka ku Silverest, m'boma la Chongwe. Akufunsa ngati angamagwire ganyu akaweruka.

Achemwali, study permit yanuyo ndi yophunzirira basi. Chogwirira ntchito ndi chiphaso china, employment permit, ndipo abwana okulembaniwo ndiwo amachipempha ku nthambi ya Immigration. Musayambe ntchito chisanatuluke, angakuthamangitseni maphunziro ali pakati.

Ngati maphunziro anu ndi a udokotala, mukamaliza mukalembetse ku Health Professions Council of Zambia. Mukasankha kubwerera kumudzi, mukaonekere ku Medical Council of Malawi musanagwire wodwala.

Fatsani achemwali, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tilembereninso.