Wophunzira wa pa Yunivesite ndi Ganyu wa Choko

Pamene Yunivesite ya Malaŵi inatsegulidwa ku Chichiri m'chaka cha 1965, ophunzira ake oyamba anali ngati 90 okha. Iwo ankagona pa sukulu pomwepo, chakudya ankachipeza chophikaphika, ndipo ntchito yawo inali imodzi basi: kuŵerenga. Moyo umenewu unapitirira Chancellor College itasamukira ku Zomba mu 1973. Lero zinthu zinasintha. Ophunzira anachuluka kuposa malo ogona, motero ambiri amachita lendi ku Chikanda ngati ali ku Zomba, kapena ku Luwinga ngati ali pa Yunivesite ya Mzuzu. Wophunzira wotero amalaŵira kukoleza mbaula, amatunga yekha madzi, ndipo amayamba waŵerengera makala, ufa, sopo ndi ndalama ya intaneti asanatsegule buku. Bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, limathandiza ena, koma si onse opempha amene amalandira. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene inkafika kumapeto a mwezi inayamba kuthera pakati.

Nchifukwa chake ganyu analoŵa m'moyo wa pa yunivesite. Ena amagulitsa kaunjika, ena amakazinga mandasi, ena amameta kapena kuluka anzawo tsitsi, ndipo ena amakhala pa kathebulo kutumizira anthu ndalama pa foni. Ntchito zonsezi ndi zaulemu, ndipo sititayapo nthaŵi. Ganyu amene atikhudza ife a m'makoleji a uphunzitsi ndi wa choko: wophunzira amene madzulo amakaphunzitsa pa sukulu yoyima payokha, kapena m'makalasi a masana a pa sekondale, kapenanso pakhonde la munthu amene mwana wake akukonzekera mayeso a MSCE. Ambiri mwa inu mudzapitiriza maphunziro ku Domasi, ku Zomba kapena ku Mzuzu, ndipo njala ikadzafika pakhomo, ganyu woyamba kumuganizira adzakhala yemweyu. Wogulitsa mandasi akalakwitsa, zimene zimaonongeka ndi ufa ndi mafuta. Wophunzitsa akalakwitsa, amaononga chaka cha mwana wa mwini.

Tiyeni tiyambe ndi nthaŵi, pakuti apa ndi pamene ambiri amanyengedwa. Mwini sukulu akanena kuti, "Ndi mapiriyodi asanu ndi imodzi okha pa sabata," wophunzira amaŵerengera mumtima kuti piriyodi ya mphindi 40 kuchulukitsa ndi 6 ndi maola 4, navomera msanga. Komatu phunziro lililonse limafuna kukonzekera. Tikati theka la ola pa phunziro, aŵa ndi maola 3 ena. M'kalasi mukakhala ana 60, ndipo kope lililonse likatenga mphindi zitatu kuchonga, ntchito imodzi yokha ya pa sabata yadya maola 3 enanso. Maola 4 aja asanduka 10, ulendo wopita ndi wobwerera tisanauŵerengere. Maola ameneŵa sagwa kuchokera kumwamba: amachotsedwa ku laibulale kapena ku tulo. Wophunzira akazindikira zimenezi mochedwa, kaŵirikaŵiri sasiya ganyu ndipo sasiyanso sukulu, koma amasiya kukonzekera ndi kuchonga. Makolo athu anati mapanga aŵiri avumbwitsa, ndipo pano amene amayamba kuvumbwa ndi ana.

Kodi munthu wosakonzekera amaphunzitsa motani? Amatengera mphunzitsi amene anamuona komaliza, ndiye kuti mphunzitsi wake wa pa yunivesite. Amaima kutsogolo, nalankhula mphindi zonse 40, kenaka nalembetsa manotsi. Njira imeneyi ndi ya anthu akuluakulu amene angathe kukafufuza okha zimene sanamve. Kwa mwana wa Fomu 1 ndi mvula yogwa pathanthwe.

Titenge chitsanzo cha magulu a mayina m'Chicheŵa. Pa yunivesite maguluŵa amaŵerengedwa ndi manambala kuyambira 1 mpaka 18, motsata njira imene anayamba Wilhelm Bleek naikonzanso Carl Meinhof: munthu ali m'gulu 1, anthu m'gulu 2, mudzi m'gulu 3, midzi m'gulu 4, chitseko m'gulu 7, zitseko m'gulu 8. Wophunzira amene wangozimva kumene zimenezi amasangalala nazo, ndipo tsiku lomwelo amakazikhuthula pa bolodi. Koma mabuku a ana amati Mu-A, Mu-Mi, Chi-Zi. Mwana amabwerera kwawo ndi njira ziŵiri m'mutu, osadziŵa yoti adzalembe pa mayeso. Zimene waphunzitsidwazo si zabodza ayi, kungoti si za msinkhu wake. Mphunzitsi amene anakhala pansi theka la ola akanabwera ndi mtondo waung'ono, chipeŵa ndi lichero m'thumba. Akanaonetsa chimodzi nafunsa kuti, "Zikachuluka timati chiyani?" Ana akanayankha okha: mitondo, zipeŵa, malichero. Akanagwetsa chipeŵa pansi, ana nkunena kuti "chipeŵa chagwa," kenaka "mtondo wagwa," "lichero lagwa," mpaka wina atazindikira kuti dzina likasintha, mneni amasinthanso kuyambi kwake. Dzina la gulu likanabwera pomalizira, anawo atagwira kale chinthucho ndi manja. Nzeru za ku yunivesite zili ndi ntchito yake pamenepa: zimathandiza mphunzitsi kusankha zitsanzo zabwino ndi kuyankha mwana wochenjera amene afunsa chifukwa chake galu sayamba ndi mu- koma akachuluka timati agalu. Zikhale m'mutu mwa mphunzitsi, zisathamangire pa bolodi.

Motero tikuti: amene walandira ganyu wa choko apemphe silabasi ndi buku la ana tsiku loyamba, alembe sikimu ya teremu yonse, ndipo asaloŵe m'kalasi popanda chikonzekero cha phunziro, ngakhale chikhale cha theka la tsamba. Pa ganyu palibe mphunzitsi wa ku koleji wokhala kumbuyo kwa kalasi ndi cholembera. Zizoloŵezi zimene munthu amatola kumalo kopanda womuyang'anira ndi zimene amakalamba nazo, ndipo taona kuti dzanja lozoloŵera kulembetsa manotsi limavuta kuliwongola.

Palinso vuto la kalendala. Yunivesite imayenda ndi masemesita aŵiri, sukulu ndi materemu atatu, ndipo siziyendera limodzi. Mayeso a wophunzira angagwe sabata yomweyo imene ana a Fomu 4 akubwereza ntchito yawo, kapena tchuthi chake chingayambe teremu ili pakati. Kungosoŵa osatsanzika ndi nkhanza. Nkofunika kuonetsa mphunzitsi wamkulu masiku ameneŵa musanagwirizane, ndi kusiya kaundula wa zimene mwaphunzitsa kuti woloŵa m'malo adziŵe poyambira. Pa tsiku lomwelo nkhani ya malipiro imveke: zingati, pa piriyodi kapena pa mwezi, tsiku liti. Zilembedwe pa pepala. Manyazi a tsiku loyamba ndi amene amabala mkangano wa mwezi wachitatu.

Tisaiŵale za msinkhu. Wophunzira wa chaka chachiŵiri angasiyane ndi mtsikana wa Fomu 4 zaka zitatu zokha, koma akangogwira choko ndi mphunzitsi, ndipo mwanayo ndi mwana wa sukulu. Phunziro la munthu mmodzi lichitikire poyera, pakhonde kapena pabalaza pamene makolo akuona, osati m'chipinda cha lendi ku Chikanda.

Sabata ino tikupemphani kuti mukhale aŵiriaŵiri, mutenge pepala, ndi kujambula masiku asanu ndi aŵiri a wophunzira amene ali ndi maphunziro ake m'maŵa ndi mapiriyodi 6 a ganyu madzulo. Ikanimo kuphika, kuchapa, kupita ku mapemphero ndi tulo, kenaka mufune malo a maola 10 aja. Mukatero, lembani chikonzekero cha phunziro la mphindi 40 la gulu la Li-Ma, pogwiritsa ntchito zinthu zitatu zokha zopezeka m'khitchini ya wophunzira.