Firiji ya Mbiya: Konzekerani Chilimwe

Inu a ku Balaka ndi ku Machinga mukudziwa kuti mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa limaswa mtengo. Nthawi yomweyi ndiyo imene matimati ndi masamba a kudimba amachuluka m'misika ya Liwonde, Ntaja ndi Ulongwe. Mpiru wothyola m'mawa umafika madzulo utafota. Matimati amaphwanyika asanagulidwe. Ndalama ndi thukuta lanu zimangopita pachabe.

Kodi mungatani poti magetsi mulibe? Yankho lili kwa woumba mbiya wa m'mudzi mwanu.

Chimaziziritsa n'chiyani?

Mukatuluka thukuta, kamphepo n'kukuombani, mumamva kuzizira. Madzi akamauma amachoka ndi kutentha. N'chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira kuposa a m'ndowa ya chitsulo. Dothi la mtsuko lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi amadutsa m'timabowoti n'kumauma kunja.

M'zaka za m'ma 1990, mphunzitsi wina wa kumpoto kwa dziko la Nigeria, Mohammed Bah Abba, anafalitsa nzeru imeneyi m'midzi ya kwawo. Ankaika mbiya yaing'ono m'kati mwa yaikulu, pakati pake n'kuthira mchenga wonyowa. Mu 2000 analandira mphoto ya Rolex chifukwa cha ntchitoyi.

Zofunika

Mbiya ziwiri zadothi, ina yaikulu, ina yocheperapo. Yaikuluyo ikhale yosapaka utoto. Pezaninso mchenga wa kumtsinje, madzi oyera ndi chiguduli kapena nsalu yochindikala. Yambani mu Ogasiti kapena Seputembala, dzuwa lisanafike poipa.

Kapangidwe kake

1. Gogodani mbiya ndi chala. Yabwino imalira bwino. Yong'aluka imalira mogontha.
2. Sefani mchenga, muutsuke kuti matope achoke.
3. Thirani mchenga pansi pa mbiya yaikulu, kenaka khazikani yaing'ono m'katimo. Milomo yake ilingane.
4. Pakati pa mbiya ziwirizo pakhale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Dzazani mchenga mumpatamo.
5. Thirani madzi pang'onopang'ono mpaka mchenga wonse unyowe. Madzi asalowe m'mbiya ya m'kati.
6. Vundikirani ndi chiguduli chonyowa. Dikirani kuti m'kati muzizire, ndiye muikemo ndiwo zanu.

Ngati muli nayo kale

Ichotseni pomwe munaisunga. Tayani mchenga wakale. Ngati kunja kwa mbiya kwayera mbee, umenewo ndi mchere wa m'madzi. Umatseka timabowo tija. Ukwecheni ndi chitsononkho cha chimanga. Tsukani mbiya zonse ziwiri, muziyanike padzuwa, kenaka muike mchenga watsopano.

Kasamalidwe kake

Ikani mbiya pamthunzi podutsa mphepo, monga pakhonde. M'chipinda chotseka siigwira bwino ntchito. Ikhazikeni pa njerwa zitatu kuti mphepo izipita ndi pansi pomwe. Thirani madzi mumchenga kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Mchenga ukauma, basi, firiji yafa. Mupatseni mwana mmodzi udindo umenewu.

Zoikamo ndi zosaikamo

Ikanimo matimati, therere, mabilinganya, mpiru, bonongwe ndi mango. Sankhani zopanda bala, chifukwa tomato mmodzi woola amaoletsa anzake. Muziyang'anamo tsiku ndi tsiku.

Anyezi, ufa ndi nyemba zouma musaikemo; zimenezi zimadana ndi chinyontho. Chenjeraninso: mbiyayi siizizira ngati firiji ya magetsi. Nyama, nsomba zaziwisi ndi mkaka zikhoza kuonongeka m'menemo n'kudwalitsa banja lonse. Nsomba za ku Chilwa pitirizani kuziwamba kapena kuziyanika monga kale.

Mvula ikayamba, mpweya umakhala wachinyezi ndipo madzi sauma msanga. Pamenepo mbiya imazizira pang'ono chabe. Nyengo yake yeniyeni ndi chilimwe. Choncho musachedwe, kaonaneni ndi woumba sabata ino.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani madzi a mumtsuko amazizira?
2. Mchenga muziuthirira kangati pa tsiku?
3. Tchulani zinthu zitatu zosayenera kuikamo.
4. Lembani m'kope mwanu mtengo wa mbiya ziwiri kumsika wa kwanu. Nanga matimati amene amakuolerani pa mwezi ndi a ndalama zingati? Kambiranani ndi anzanu.