Kusintha kebulo ya throttle pa njinga yamoto yakale

Kebulo ya throttle imachenjeza isanaduke. Mukamapotokola chogwirira cha kumanja mumamva kulimba, pena kukhakhala, ndipo mukachisiya chimabwerera mwaulesi. Mkati mwa chikopa chakuda chija muli tiwaya tambiri topotedwa pamodzi, ndipo tikayamba kuduka kamodzikamodzi timakola m'mbali. Njinga ikafika pamenepa musadikire mawa. Kebulo ikaduka mumangokankha njinga kupita kunyumba, koma ikakola, injini imalirabe moto wonse pamene inu mukufuna kuima, mwina muli ndi munthu kumbuyo. Ichi n'chifukwa chake ndimadana nako kumanga mfundo kapena kulumikiza kebulo yoduka ndi waya wina, ngakhale kuti ambiri amatero pofuna kupulumutsa ndalama.

Malangizowa ndi a njinga zakale za kabuleta, monga Honda CG125 yomwe inayamba kupangidwa mu 1975, njinga za ku China zotengera injini yake zomwe a kabaza amayendetsa, komanso ma Yamaha monga DT125 ndi AG200. Choyamba suzumirani pa kabuleta yanu. Pa njinga zambiri zing'onozing'ono kebulo ndi imodzi, ndipo imalowa pa chivindikiro cha pamwamba n'kukakoka slide, kachitsulo kotsegula njira ya mpweya, mkati. Pa zina kebulo imakulunga kagudumu ka m'mbali mwa kabuleta, ndipo nthawi zambiri zimakhala ziwiri, ina yotsegula ina yobweza.

Pokagula yatsopano tengani yakaleyo m'manja. Dzina la njinga palokha silikwanira, chifukwa zofanana maonekedwe zilipo zambiri. Ikani ziwirizo pamodzi pa kauntala, muone ngati chikopa chili chofanana kutalika, ngati waya wotuluka kunsonga uli wofanana, ndiponso ngati timitu ta kumapeto ndi kachitsulo kopindika ka kumtunda zikufanana. Waya ukafupika pang'ono chabe, slide siikhala pansi.

Zida ndi zochepa: masipanala a 8 ndi 10, sikuludiraiva ya sitala, pulayala, girizi pang'ono ndi kansalu koyera. Masikulu a njinga za ku Japan ndi a mtundu wa JIS, ndipo ambiri ali ndi kadontho pamutu. Sikuludiraiva wamba imaterereka pamenepo n'kudya mutu wa sikulu, choncho kanikizani mwamphamvu musanayambe kupotokola.

Injini ikhale itazizira. Imikani njinga pa sitandi yapakati ngati ili nayo, tsekani kampopi ka petulo, chotsani mpando, zulani kapaipi ka petulo, kenako tsitsani thanki ndipo muiike kutali ndi moto. Musanakhudze kebulo, jambulani ndi foni njira yonse yomwe yadutsa, kuchokera pa handulo, kuseri kwa nyali, mbali ya khosi la felemu, mpaka pa kabuleta. Ntchito yonseyi ikalakwika, kawirikawiri imalakwikira pa njirayi.

Yambani kumtunda. Masulani kanati ka pa adjuster (kachitsulo kotchunira kebulo) n'kuilowetsa yonse mkati kuti waya ulefuke. Masulani masikulu awiri a kabokosi ka pa handulo, katseguleni pakati, ndipo muona kamutu ka waya katakhala m'kadzenje ka chubu chapulasitiki cha chogwirira. Katembenuzeni, katuluka.

Tsopano ku kabuleta, komwe kumafuna dzanja lofatsa. Pukutani fumbi lonse pa chivindikiro musanatsegule. Chimasuleni ndi dzanja, kokani pang'onopang'ono, ndipo slide ituluka ikulendewera ku kebulo, singano yake ili kunsi, sipuling'i ili pamwamba pake. Tsekani pakamwa pa kabuleta ndi kansalu kaja kuti mchenga usagweremo. Gwirani slide ndi dzanja limodzi, ndi zala za dzanja linalo finyani sipuling'i kuikwezera ku chivindikiro, kenako kankhirani waya pansi kuti kamutu kake kachoke pomwe kanakhala n'kutulukira pa mpata wa m'mbali. Samalani, sipuling'iyo imathawa. Singano musaipinde, ndipo kakilipi kake musakasunthe pa mzere womwe mwakapeza, chifukwa ndiko kamayeza kuchuluka kwa petulo. Ziikeni zonse pa nsalu, osati pa dothi.

Sololani kebulo yakale, mudutsitse yatsopano motsatira chithunzi chija. Ipite mokhota pang'onopang'ono, popanda ngodya yakuthwa, isakhudze mutu wa injini, ndipo ilowe m'timagoli tonse ta pa felemu. Ngati mukuimanga ndi zomangira zapulasitiki, musakoke mpaka kuifinya. Iyenera kusuntha pang'ono mukamakhota. Makebulo ambiri amasiku ano ali ndi pulasitiki yoterera mkati ndipo safuna oyilo. Ngati yanu ilibe, iimikeni chilili n'kudontheza oyilo wopepuka mpaka atulukire kunsi musanaiike.

Bwezerani mbali ya kabuleta kaye. Lowetsani waya pa chivindikiro, muudutsitse m'sipuling'i, finyani, koletsani kamutu m'slide, kenako siyani sipuling'i ikhale bwino pamalo pake. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Slide ili ndi kangalande kakatali m'mbali, ndipo mkati mwa kabuleta muli kachitsulo kotuluka komwe kayenera kuyenda m'kangalandeko. Mbali yosemedwa ya kunsi kwa slide iyang'ane ku air filter. Mukaitembenuza, slide imakakamira m'mwamba, chivindikiro n'kutsekekabe, ndiye mukangoliza injini imakuwa ngati ikufuna kuphulika. Singano ilowe m'dzenje lake yokha popanda kukakamiza. Mangani chivindikiro ndi dzanja basi, ndipo onetsetsani kuti mazinga agwirana bwino. Kokani waya kumtunda n'kuusiya: muyenera kumva slide ikugunda pansi kuti "tha".

Kumtunda, vulani chubu cha chogwirira, pukutani dzimbiri ndi litsiro pa handulo, pakani girizi wochepa kwambiri. Koletsani kamutu ka waya, goneketsani waya m'kangalande kake, tsekani kabokosi. Mabokosi ambiri ali ndi kamsomali kolowa m'kabowo ka pa handulo. Kapezeni musanamange masikulu, apo ayi mudzathyola pulasitiki. Onaninso kuti mphira wa chogwirira sakukhuza kabokosiko.

Ngati njinga yanu ili ndi makebulo awiri, ikani chizindikiro pa yotsegula musanachotse, ndipo sinthani imodziimodzi. Ku kabuleta, kamutu kamalowa m'kagudumu ndipo chikopa chimagwidwa ndi manati awiri pa kachitsulo kake. Yambani kutchuna yotsegula, yobwezayo muisiyire kampata pang'ono. Zonse zikakungika, chogwirira chimalimba.

Kutchuna ndi kuyeza mpata womwe chogwirira chimazungulira chisanayambe kukoka waya. Pa njinga zambiri za Honda mpatawu ndi mamilimita 2 mpaka 6 mukayeza m'mphepete mwa mphira. Ngati buku la njinga yanu lilipo, tsatirani lomwelo. Kutulutsa adjuster kumachepetsa mpata, kuilowetsa kumawonjezera. Mukafika poyenera mangani kanati, mubwezere kamphira koteteza ku madzi. Musagwiritse ntchito kebulo pokweza kapena kutsitsa idling, imeneyo ili ndi sikulu yakeyake pa kabuleta.

A DT125 ndi njinga zina za two-stroke zokhala ndi Autolube, mvetserani. Kebulo yanu imagawikana pakati, nthambi ina kupita ku kabuleta, ina ku pampu ya oyilo. Mukasintha, tsegulani chivindikiro cha pampu muone ngati chizindikiro cha pa kagudumu kake chikulunjika pomwe buku likunena. Pampu ikatsalira m'mbuyo injini imayenda ndi oyilo wochepa, pisitoni n'kugwira, ndipo mtengo wokonza umaposa wa kebulo kutalitali. Ngati simukudziwa chizindikirocho, gawo ili lokha mupatseni makaniko.

Bwezerani thanki mosamala kuti isapsinje kebulo, lumikizani kapaipi, tsegulani petulo, muone ngati pali podontha. Injini isanalire, potokolani chogwirira mpaka kumapeto n'kuchisiya, handulo ili mowongoka, kenako ili kumanzere kwenikweni, kenako kumanja kwenikweni. Paliponse chibwerere chokha mwachangu. Tsopano lizani injini giya ili pa neutral, chala chili pafupi ndi kiyi kuti muzimitse msanga ikakuwa. Ikamalira idling, khotetsani handulo uku ndi uku mpaka kumapeto. Kulira kukakwera ngakhale pang'ono, ndiye kuti kebulo yakungika kapena yadutsa polakwika. Zimitsani, tsitsaninso thanki, konzani njira. Kulira kukakhala kofanana mbali zonse, yesani njingayo pa bwalo lopanda anthu musanalowe mumsewu, ndipo pakatha masiku angapo yezaninso mpata uja, chifukwa kebulo yatsopano imatamuka pang'ono ikayamba ntchito.