Phunziro: Kusunga Madzi m'Boma la Karonga

Boma la Karonga silisowa madzi. Kum'mawa kuli Nyanja ya Malawi, kumadzulo kuli mapiri a Nyika, kumene mitsinje ya North Rukuru ndi Wovwe imachokera. Komabe anthu a ku Lupembe ndi ku Mlare amaona chimanga chawo chikupserera ndi ng'amba, pamene anzawo a m'mbali mwa Rukuru ndi Songwe amathawa madzi osefukira. Vuto lake ndi lakuti mvula imagwa yambiri pa masiku ochepa, madzi nathamangira kunyanja nthaka isanamwe. Chilala cha 2024, chimene chinachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino, chinakumbutsa alimi kuti nyengo yasintha. Tsono nzeru ya mlimi ndiyo kuchedwetsa madzi, ndipo ntchitoyi imachitika m'malo atatu.

1. Kumapiri

Mtsinje umabadwira kumtunda. Pamene pali mitengo, masamba ake amatchinga mphamvu ya mvula, ndipo mizu imatsegula njira zoti madzi alowe pansi. Madzi amenewo amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe kufikira mwezi wa October. Mitengo ikatha chifukwa cha makala ndi moto wolusa, mtsinje umadzaza tsiku limodzi, nukokolola dothi, kenaka nkuuma msanga. Motero munthu wodula mtengo m'mphepete mwa mtsinje amalanda chakudya cha banja lokhala kutali limene sadzalidziwa nkomwe.

2. M'munda

Munda wotsetsereka umafuna akalozera ndi udzu wa vetiva, kuti mizere idutse mopingasa chitunda. Pakati pa mizere mlimi aike ngonyeka, kuti dontho lililonse likhale pamene lagwera. Mapesi asatenthedwe, koma aphimbire nthaka kuti dzuwa lisaiumitse. Angonde ndi anthu a ng'ombe kuyambira kalekale, ndipo ndowe za m'khola zikasanduka manyowa zimathandiza nthaka kusunga chinyontho masiku ambiri. Mtengo wa msangu, umene umamera bwino m'chigwa cha nyanja, uyenera kusiyidwa m'munda, pakuti umayoyola masamba nthawi ya dzinja: suphimba mbewu, ndipo masambawo amadyetsa nthaka. Ndiponso banja lanzeru silidalira chimanga chokha. Chinangwa, mbatata, mapira ndi nandolo zimapirira kumene chimanga chalephera.

3. M'ngalande

Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma linatsegula masikimu a mpunga m'dziko muno, ndipo Karonga inalandira a Hara, Wovwe ndi Lufilya. Mpunga wa Kilombero wochokera m'bomali ndi wodziwika m'misika ya Malawi yense. Chipangidwe lamulo la ulimi wothirira la 2001, ntchito yosamala masikimu yakhala ikuperekedwa m'manja mwa mabungwe a alimi eni ake. Ufulu umenewu uli ndi katundu wake. Ngalande ikadzaza mchenga ndi udzu, amene amavutika poyamba ndi mlimi wa kumapeto kwa ngalande. Wa kumtunda akatsegula madzi usiku, tsiku lisali lake, mbande za mnzake zimauma. Akale anati madzi akatayika saoleka.

Pali njira yolimira mpunga ndi madzi ochepa, imene Bambo Henri de Laulanié, wansembe wa chipani cha Ajezuwiti, anaipeza pamodzi ndi alimi a ku Madagascar m'zaka za m'ma 1980. Mbande imaokedwa ili yanthete, isanakwane masabata awiri, imodzi pa phando, motalikirana masentimita 25. Munda sukhala m'madzi nthawi zonse: umathiriridwa, nuumako pang'ono, kenaka nkuthiriridwanso. Mizu imapuma bwino, mpunga nuphukira kwambiri. Kupalira kumachuluka ndithu, koma madzi otsala amafika kwa mnansi wa kumunsi.

Malo atatuwa ndi omangirirana. Woyeretsa ngalande agwira ntchito pachabe ngati phiri lili pambalambanda, ndipo wobzala mitengo sapindula kanthu ngati madzi akuphangiridwa kumunsi.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi mtsinje wa m'dera lino umauma mwezi uti, nanga m'masiku a makolo unkauma liti?
2. Ndani amene madzi amamufika pomalizira, ndipo ndani amamulankhulira pamsonkhano wa alimi?
3. Ndi ntchito iti imene mudzi ungathe kuimaliza mvula yoyamba isanagwe?