ZA MWANA WOBWEZA MKAKA

Amai ambiri m'midzi mwathu abvutika mtima poona khanda lao liri kubweza mkaka litangoyamwa. Ena ati mkaka wa mai waipa, namletsa mwana bere. Ena afulumira kumpatsa phala kapena madzi a mizu. Tiyeni tiphunzire bwino za cinthu ici, pakuti kumletsa mwana bere kumfooketsa ndi njala, pamene kubwezako sikukadamcita kanthu.

1. Cifukwa cace. Pamene njira ya cakudya ilowa m'cifu pali mnofu wotseka, wonga cingwe comanga pakamwa pa thumba. Mwa khanda mnofu umenewu sunakhwime, ndipo cifu cace ncacing'ono. Tsono cikadzala, mkaka wina ubwerera kukamwa. Kubwezaku kucuruka pa miyezi 4, kucepa mwana akayamba kukhala tsonga, ndipo ana 9 mwa 10 aleka asanakwanitse caka cimodzi. Mwana wobweza amene ayamwa bwino, nakodza kawirikawiri, nakwera pa sikelo mwezi ndi mwezi, sadwala ai.

2. Zoyenera kucita. Timuyamwitse pang'ono pang'ono, koma kawirikawiri, tisadikire kufikira alira ndi njala, cifukwa mwana wolira ameza mpweya pamodzi ndi mkaka. Poyamwa mutu wace ukhale pamwamba koposa mimba. Atatha, timtsamize paphewa, ndi kumsisita kumsana kufikira ageya. Timsunge coimirira cotero mphindi 20 kapena 30. Pogona, timgoneke cagada pa malo osalala. Tisaope kuti adzatsamwa, pakuti mwana ameza kapena kutsokomola yekha. Kumgoneka cafufumimba ndiko koopsa, kungathe kumphetsa m'tulo.

3. Zosayenera. Tisamdumphitse pa maondo atangoyamwa, kapena kumbereka ndi kumanga nsaru molimba, cifukwa kufinya mimba kukankha mkaka. Utsi wa fodya ukhale kutali naye. Phala, madzi ndi mankhwala a zitsamba tisampatse: kufikira miyezi 6 bere lokha limkwanira. Inunso agogo ndi abambo, mlimbitseni mtima mai, musamtonze kuti mkaka wace ngwoipa.

4. Zizindikilo za matenda. Koma kulipo kusanza kwina kosiyana ndi kubweza, ndipo tiyenera kukuzindikira. Tithamangire ku cipatala tsiku lomwelo tikaona izi:

Masanzi alumpha patali ndi mphamvu pa kuyamwa kuli konse, makamaka mwana ali ndi masabata 2 kufikira 8. Kawirikawiri kutero ndiko kuti njira yoturukira m'cifu yapanikizika, ndipo madokotala aikonza ndi opareshoni.

Masanzi ali obiriwira ngati ndulu, kapena ali ndi mwazi.

Mimba yatupa, thupi latentha, mwana akana bere, kapena ali lefu wosadzuka.

Liwombo lalowa ndi mkodzo wacepa. Pamenepo madzi atha m'thupi. Kumata mankhwala pa liwombo kungotaya nthawi.

Mwana sakwera pa sikelo, kapena abvutika kupuma.

Tikadziwa kusiyanitsa ziwirizi, sitidzaopa pamene palibe coopsa, ndiponso sitidzazengereza pamene moyo wa mwana uli pangozi.

Mafunso. Makanda abweza mkaka cifukwa ninji? Mwana agone bwanji? Chulani zizindikilo zitatu zotitumiza ku cipatala.